Ka Locust mu MechWarrior Online: kamafa msanga ndithu, nanga ena tikukakakamira chifukwa chani?

Mkangano wa Locust ine ndi mnzanga wina tinauyamba kalekale ndipo mpaka pano sunathe. Iyeyu amakhala ku Joni, timakumana pa Discord madzulo akaweruka kuntchito, ndipo mu geimu ya MechWarrior Online iye ndi munthu wa zimech zolemera, Atlas, King Crab, zoterozo. Ine ndimakonda ka Locust. Usiku wina tinawina geimu pa mapu a Canyon Network, iye damage 800 ndi kanthu, ine 190 basi, nde bolodi la mapointi litangotuluka anati, amwene kadzombe kanuko kakungodya malo a munthu, mukanatenga olo Jenner bwenzi titamaliza kalekale. Ndinamuyankha kuti 800 yakeyo anaipeza chifukwa anthu atatu amene amayenera kumamuombera iyeyo anali kalikiliki kuthamangitsa ine m'ngalande ya kuseri. Sanavomere. Ndikufuna ndiifotokoze bwinobwino nkhaniyi chifukwa manambala ambiri ali mbali yake, sindingawakane, koma pali zinthu zimachitika m'bwalo muja zimene bolodi lija siliwerenga.

Kwa amene simunaisewereko, MechWarrior Online, mwachidule MWO, ndi geimu ya pa kompyuta yopangidwa ndi Piranha Games a ku Vancouver ku Canada, inatuluka mu September 2013 ndipo kulowa ndi ulere. Inachokera ku BattleTech, masewera a patebulo oponya madayisi amene kampani ya FASA inatulutsa mu 1984. Mumalowa anthu 12 mbali iyi 12 mbali inayo, aliyense ali m'chimakina chake chankhondo cha miyendo iwiri chotchedwa mech, nthawi ndi mphindi 15, ndipo mu Quick Play, mtundu wa geimu wa masiku onse, ukafa wafa, palibe zodzukanso, umangokhala n'kumaonerera anzako mpaka geimu ithe. Ma mech anawagawa potengera kulemera, opepuka ndi matani 20 mpaka 35, apakati 40 mpaka 55, olemera 60 mpaka 75, kenako ma assault 80 mpaka 100. Locust ndi matani 20, pansi penipeni, kulibe kena kopepuka kuposa apo. Dzina lakelo ndi dzombe m'Chingerezi, ndipo ukakaona kakuthamanga ndi timiyendo take topindikira kumbuyo tija umavomereza kuti anakatcha bwino. Kanalowa mu geimuyi mu October 2013 limodzi ndi Shadow Hawk, Thunderbolt ndi BattleMaster mu paketi ya Project Phoenix.

Kuti mumvetse kufewa kwake muyambe mwadziwa kuti mu MWO mech ilibe moyo umodzi wa thupi lonse ngati mmene zilili m'ma geimu ena owomberana. Thupi analigawa pasanu n'patatu: mutu, chifuwa chapakati chimene aliyense amangoti CT, zifuwa zam'mbali ziwiri, mikono iwiri, miyendo iwiri. Chiwalo chilichonse chili ndi armor yake, zitsulo zoteteza, kunja ndi mafupa ake mkati amene amati structure. Armor ikatha chipolopolo chimayamba kudya mafupa, mafupa akatha chiwalo chimathothoka pamodzi ndi mfuti zonse zinali mmenemo. Mech imafa CT ikaphulika, kapena mutu, kapena miyendo yonse iwiri. Komanso zifuwa zitatu zija zili ndi kutsogolo ndi kumsana, ndipo armor yake umaigawa wekha kuti ingati ipite kumaso ingati kumbuyo. Kagawidwe kameneka mukasunge, ndikabwereranso chifukwa ndi pamene pagona chakudya cha Locust.

Tsopano manambala amene mnzanga uja amandiwerengera. Tisanaonjezere ma quirk, omwe ndi timabonasi timene opanga geimu amapatsa mech iliyonse, Locust ukaidzaza armor mpaka pakamwa imafika 138 thupi lonse. Atlas ya matani 100 imafika 614. CT yokha ya Atlas imanyamula armor 124, ndiye kuti chifuwa chimodzi cha chi Atlas chatsala pang'ono kufanana ndi ka Locust konse kuyambira kumutu mpaka kuphazi. CT ya Locust ndi 24, mafupa 12. Chifuwa cham'mbali ndi 20, mafupa 10. Mwendo ndi 16, mafupa 8. Tsono taonani mfuti zimene anthu amayenda nazo. AC/20, chimfuti cha matani 14 chimene Hunchback imanyamula paphewa, chimamenya 20 pamalo amodzi. Gauss imamenya 15 ndipo alipo ambiri amene amanyamula ziwiri, ndiye 30 pamalo amodzi nthawi imodzi. Werengani nokha, 20 kuphatikiza 10 ndi 30 yomweyo, chifuwa cham'mbali chapita ndi kudina kumodzi, ndipo apo tikunena ngati armor yonse munaiika kutsogolo, zomwe palibe amachita. Ma quirk ndi skill tree, kumene umatsegula timaluso toonjezera pa mech yako, zimaonjezerako ndithu, masiku ano kamapirirako kusiyana ndi mmene kanalili mu 2013, koma kuonjezerako kwake n'koti upulumuke kuombera kumodzi, osati kuti uyime n'kumasinthana zipolopolo ndi munthu.

Ndiye pali nkhani ya injini imene imakulitsa vutoli. Kuti Locust ithamange komanso itsale ndi kamalo konyamulira mfuti, pafupifupi aliyense amaika injini ya XL chifukwa ndi yopepuka. Koma XL ya Inner Sphere, imodzi mwa mbali ziwiri za mu geimuyi kumene Locust imachokera, inatambalala kulowa m'zifuwa zam'mbali zonse, moti chifuwa chimodzi chokha chikathothoka mech yafa pomwepo olo CT ili bwinobwino osakandika n'komwe. XL ya ma Clan, omwe ndi mbali inayo, imapirira kutaya chifuwa chimodzi, Light Fusion Engine imene inabwera mu 2017 nayonso imapirira, koma ndi yolemera kuposa XL ndipo pa matani 20 theka la tani limapweteka. Palinso lamulo loti mech iliyonse ikhale ndi ma heat sink, zoziziritsira mech mfuti zikaitenthetsa, osachepera 10, pomwe injini imanyamula mkati mwake imodzi pa 25 iliyonse ya mphamvu yake. Injini ya 190, yomwe ndi yaikulu kwambiri imene Locust ingavale, imanyamula 7, ndiye atatu otsalawo uike kunja, matani atatu apita. Munthu wa Atlas matani atatu sawamva n'komwe. Pa Locust amenewo anali ma medium laser atatu.

Choncho mnzanga akamati kamechi aka n'kofewa ngati dzira sakunama, ndipo chinanso chimene amanena n'choona, kuti ambiri amene amakwera Locust amafa mphindi zitatu zisanakwane. Ndaonapo kambirimbiri. Geimu ikangoyamba munthu amakankha liwiro lonse, amafika kwa adani yekhayekha anzake adakali kutali, amakhota pakona n'kupeza zimech zisanu zikumuyang'ana, basi timu yatsala 11. Kuyamba geimu muli opelewera kumapweteka kwambiri mu MWO chifukwa mbali imene ili ndi mfuti zambiri imagwetsa wina msanga, kenako wina, mpaka zimangogumuka ngati chiliza cha mchenga mvula ikagwa. Palinso ma Streak SRM, mizinga imene ikakuloka imakutsatira yokha, mech yodzaza ma Streak ikakupeza pafupi kuzemba kwako kulibe ntchito. Ndipo mwendo umodzi ukangothyoka Locust imatsimphina pang'onopang'ono kuposa Atlas yomwe, nde apo wangotsala kudikira. Zonsezi ndimavomera. Munthu amene wangoyamba kumene MWO sindingamuuze kuti agule Locust olo ili yotchipa pa ma C-bill, ndalama za mu geimu, ayambe ndi mech yapakati kapena yolemera imene imakhululuka ukalakwitsa.

Pamene timasiyana ndi poti iye amayeza Locust ndi muyeso wa Atlas, kuti ingapirire zingati ndipo ingamenye zingati. Chitetezo cha Locust chili m'miyendo. Liwiro mu MWO limapezeka chonchi, mphamvu ya injini kuchulukitsa ndi 16.2 kenako kugawa ndi matani a mech. Atlas AS7-D ndi injini yake ya 300 imayenda makilomita 48.6 pa ola. Locust ndi 190 imafika 153.9, ndipo skill tree imaonjezerako pang'ono. Ndiye kuti pamene chi Atlas chikusuntha mamita 13 pa sekondi, ka Locust kadutsa mamita oposa 40. Izi zimagwirizana ndi mmene mfuti zimagwirira ntchito. Laser simenya zonse nthawi imodzi, imayaka pafupifupi sekondi yathunthu ndipo damage imalowa pang'onopang'ono nthawi yonse imene kuwala kuli pathupi pako. Ukaombera Atlas kuwala konse kumathera pachifuwa pamodzi. Ukaombera Locust imene ikudutsa chopingasa, kuwala kumakhudza mkono pang'ono, mwendo pang'ono, kotsalako kumapita m'mwala, ndipo woomberayo watenthetsa mech yake mofanana ngati kuti wamenya zonse. Zipolopolo za mfuti za AC ndi PPC zimatenga nthawi kuti zifike, uyenera kuombera patsogolo pamene ukuganiza kuti kafikapo, kakangokhota pang'ono waphonya. LRM, mizinga yoponyedwa patali, ukathawira kuseri kwa chimwala zimathera pamwalapo.

Kukula kwa thupi nakonso. Mu June 2016 Piranha Games anakonzanso misinkhu ya ma mech onse kuti igwirizane ndi kulemera kwake, ndipo Locust inachepa pomwe ma mech a matani 35 ngati Jenner ndi Firestarter anakula. Apa ndi pamene mawu a mnzanga oti mukanatenga Jenner amandivuta. Jenner ili ndi armor yambiri, zoona, ili ndi ma jump jet odumphira amene Locust ilibe, zoona, koma ndi yaikulu moti munthu wodziwa kuombera saiphonya kawirikawiri. Locust imabisala kuseri kwa tizinthu timene mech ina iliyonse mutu ungaonekere. Pa River City ndimatha kuima kuseri kwa kanyumba kakang'ono n'kumayang'ana chigulu chonse cha adani chikudutsa, palibe wotembenuka.

Akale mu geimuyi amakumbukira nthawi ya lag shield, kumayambiriro kwa 2013 geimu ikadali pa mayeso a beta, pamene ma mech opepuka makamaka Raven 3L ya ma Streak ndi ECM, chida chobisa mech pa radar ya adani, ankavuta kumenya chifukwa seva ndi kompyuta yako sizinkagwirizana za pamene mdani ali. Unkaombera pathupi penipeni osalowa kanthu. Anabweretsa Host State Rewind, njira yoti seva izibwerera m'mbuyo pang'ono kuona pamene mdaniyo anali pa sikirini yako nthawi imene unadina, ndipo zinasintha kwambiri. Ndikunena izi chifukwa mpaka lero alipo amene akaphonya Locust amati ndi lag shield. Nthawi zambiri anangophonya basi.

Tsono phindu lenileni limene ndimalimbira nalo mkangano ndi ili, Locust imaba maso a adani. Mu MWO muli mawu amene aliyense amawadziwa, mech yaing'ono imene ikukusokonezani kumbuyo amaitcha squirrel, gologolo, ndipo mumamva wina akukuwa pa maikolofoni kuti musathamangitse gologolo. Amakuwa chifukwa anthu amathamangitsabe. Munthu ukamuluma kumsana sangapirire, amatembenuka, mnzake wapambali nayenso amatembenuka, ndipo mzere umene unayang'ana kutsogolo wasweka.

Usiku wa ku Canyon Network uja zinayenda chonchi. Ndinali mu LCT-1E, Locust ya malo asanu ndi limodzi a ma laser m'mikono. Mphindi ziwiri zoyamba sindinaombere kanthu, ndinatsika m'ngalande ya kumanja n'kuzungulira mwakachetechete mpaka ndinafika kumbuyo kwawo, ndikuona misana yawo ili ndandanda pamwamba pa chitunda akuyang'ana kumene kunali timu yathu. Ndinadikira mpaka ndinamva mfuti zayamba kulira kutsogolo. Kenako ndinasuzumira, ndinaotcha msana wa Dire Wolf imene inali kumapeto, pa kachithunzi kake pakona ya sikirini kumsana kunasintha kuchoka pa chikasu kufika pofiira, ndinabwerera kuseri kwa mwala. Chinayamba kutembenuka pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza chimanga. Timber Wolf imene inali pambali pake inatembenukanso, kenako mech ina yapakati inadumpha kutsika m'ngalande kundilondola. Ndinathawa, osati kutali, pongokwana kuti azindiona mchira n'kumaganiza kuti andipeza. Ma laser awo ankadutsa pamwamba panga n'kumawalitsa makoma a ngalande, kamodzi kokha anandipsereza mkono wamanzere. Zonsezi zinatenga mwina masekondi 40. Pa masekondi amenewo matani 100 kuphatikiza 75 kuphatikiza ena 50 sanaombere aliyense wa timu yathu, ndipo ndi nthawi yomweyo imene King Crab ya mnzanga inakwera chitunda n'kupeza anthu atapereka mbali. Pa bolodi masekondi 40 amenewo sanalembedwe paliponse pa dzina langa. Analembedwa pa 800 yake ija.

Kumsana kuja ndinati mukusunge. Popeza nkhondo yambiri imachitika maso ndi maso, anthu a ma assault amakokera pafupifupi armor yonse kutsogolo, kumsana n'kusiya 10 kapena kucheperapo. CT ya Atlas ili ndi mafupa 62 tisanawerengere ma quirk. Ndiye amene akuimenya kutsogolo ayenera kuboola armor yoposa 110 asanafike pamafupa, pomwe wakumbuyo akuboola 10 yokha. Medium laser ya Inner Sphere imalemera tani imodzi ndipo imamenya 5, asanu ndi limodzi ndi 30 pa kuombera kumodzi. Kuombera katatu kapena kanayi pamalo omwewo, chimech cha matani 100 chagwa ndi damage yosafika 150. Apa mpamene nambala ya damage imanamiza. Munthu wa ma LRM atha kumwaza 700 pa mikono, miyendo ndi zifuwa za anthu asanu osagwetsa olo mmodzi, wina n'kugwetsa awiri ndi 250. Komanso zimech zikuluzikulu sizitha kuweramitsa chifuwa mokwanira, ukaima pamapazi pake penipeni mfuti za m'chifuwa sizikupeza, zimangodalira za m'mikono ngati zilipo. Assault imene yatsalira yokha kumbuyo, zomwe zimachitika tsiku ndi tsiku timu ikayamba kuzungulira mapu mothamanga kuja amati nascar, ndi ndiwo ya Locust. Nyerere ikalowa m'chitamba njovu imagona pansi.

Ntchito ya maso nayo ilipo ngakhale sindikufuna kuikweza mopitirira. Ukadina R pa mdani, timu yonse imamuona pa mapu ndipo a ma LRM amatha kumuloka ali kuseri kwa phiri. Ukaponya UAV, kandege koonera adani, pamwamba pa gulu lawo onse amaonekera olo abisale ndi ECM. Mu Conquest, mmene mumalimbirana malo asanu ndipo ofika 750 awina, ndawinapo ma geimu ndili ndekha wotsala, adani anayi olemera akuyenda kufuna malo amodzi ine ndatembenuza atatu. Mu Domination, mmene mumalimbirana bwalo limodzi, mech yothamanga ndi imene imafika msanga mu bwalo lapakati kuti wotchi ya adani isayambe kutsika. Koma kunena zoona mapu a MWO anthu anawaloweza, aliyense amadziwa kumene adani adzere pa Frozen City kapena HPG Manifold, ndiye Locust imene ikungoyang'ana osaombera ikunamiza timu yake. Pamenepa mnzanga amakhoza. Kuona kokha sikulipira malo ako pa anthu 12.

Chimene chimapangitsa kuti mkanganowu usathe ndi mmene geimu imalipirira. Ma C-bill ndi match score zimadalira kwambiri damage, kupha ndi kuthandiza kupha. Zilipo timphoto ta scouting, flanking, hit and run, kugwira malo, koma ndi tating'ono poyerekeza. Ndipo match score yomweyo ndi imene imakukweza kapena kukutsitsa mu ma tier, magulu a luso la osewera, kuyambira 5 mpaka 1. Ndiye woyendetsa Locust amene wachita zonse molondola, wasokoneza atatu, wagwira malo awiri, waponya UAV pamalo abwino, atha kutuluka ndi ndalama zochepa kuposa munthu amene anangoima kumbuyo n'kumathira mizinga. Anthu amaphunzira kuchokera pa zimene akulipidwa, ndiye n'zosadabwitsa kuti ma mech opepuka amakhala ochepa pamzere wodikira geimu kuyerekeza ndi olemera. Kuyambira 2021 gulu la osewera lotchedwa Cauldron lakhala likuthandiza kukonza mphamvu za mfuti ndi ma quirk, ndipo ma mech ambiri amene anali otayika anapezako moyo, koma palibe njira yophweka yoti kompyuta iwerengere kuti Dire Wolf inatembenuka chifukwa cha iwe.

Mfundo yamphamvu kwambiri imene mnzanga ali nayo, ndipo ndimaiganizira ndithu, ndi ya mpando. Mu Quick Play aliyense ali ndi mpando umodzi pa 12, kaya wabwera ndi matani 20 kaya 35. Palibe amakubwezera matani 15 amene wasiya. Ndiye funso lake ndi loti bwanji osatenga mech yopepuka ina imene imachita zomwezo koma yolimbako kapena yoluma kwambiri. Ndipo zilipo. Mu 2018 kunabwera mech yotchedwa Piranha, ya ma Clan, matani 20 omwewo koma PIR-1 imanyamula ma machine gun 12, ikafika kumsana kwa munthu imatafuna mafupa ngati chiswe. Chaka chomwecho kunabwera Flea, matani 20, ina yake ili ndi ECM ndipo imatha kuvala stealth armor, armor yoibisa pa radar. Arctic Cheetah ya matani 30 ili ndi ECM, ma jump jet ndi XL ya Clan yosafa ndi chifuwa chimodzi. Locust ya ECM ndi Pirates' Bane, yomwe ndi hero mech, mtundu wapadera wa mech. Ndikavula chikondi n'kuyang'ana ndi maso ozizira, sindinganene kuti Locust ndi mfumu ya ma mech opepuka. Chimene ili nacho ndi kuphatikiza kwa kuchepa thupi, kunyamuka ndi kuima msanga, ndi mfuti zokhala m'mwamba pafupi ndi galasi la woyendetsa, moti umangotulutsa kamutu pamwamba pa chitunda, kuotcha, kubwerera, munthu asanasunthe n'komwe mfuti yake. Kusuzumira kotereku ndi kumene ndimakakondera, ndipo sindinapeze kena kamene kamandipatsa zimenezi m'manja mofanana. Mu Faction Play nkhani ya mpando imatembenuka, chifukwa kumeneko umabwera ndi ma mech anayi ndipo onse pamodzi asapitirire matani amene aikidwa, ndiye kuika ka matani 20 kumakupatsa mpata wonyamula zimech zitatu zolemera. Kumeneko mnzanga yemweyo amaika Locust mu drop deck yake, mndandanda wa ma mech anayi aja, osadandaula.

Pali china chimene chimatikhudza ife osewera tili kuno. Ma seva a MWO ali ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia, ku Africa kuno kulibe. Ine ndikalowa ya ku Ulaya ping yanga, kuchedwa kwa uthenga pakati pa kompyuta ndi seva, imakhala cha m'ma 200, netiweki ikavuta imakwera kuposa apo. Host State Rewind imathandiza kuti zimene waombera zilowe, koma imagwiranso ntchito kwa mdani, ndiye zimachitika kuti pa sikirini yako wabwerera kale kuseri kwa mwala koma damage ikulowabe chifukwa kwa iye unali udakali panja. Pa liwiro la mamita 40 pa sekondi, kachigawo kakang'ono ka sekondi ndi mamita angapo, ndipo nthawi zina umagunda khoma limene unaliona kuti walizemba, seva n'kukukokera m'mbuyo, kuima chilili pakati pa adani. Atlas zimenezi imangozimeza. Locust ikaima sekondi imodzi pamalo olakwika yapita. Choncho ndinasintha kaseweredwe, ndinasiya zovina pakati pa gulu la adani zimene mumaona anyamata a ping ya 30 akuchita pa YouTube, ndimabwerera kuseri msanga kuposa mmene maso akundiuzira, ndimapewa tinjira topanikiza ta Mining Collective, ndipo tsiku limene netiweki ikudumphadumpha Locust ndimaisiya mu mechbay, galaja ya ma mech, n'kutenga Hunchback.

Kuyendetsa Locust bwino kwambiri ndi nkhani ya kuugwira mtima, zomwe zimadabwitsa anthu chifukwa amaganiza kuti mech yothamanga ndi ya anthu opupuluma. Armor yako 138 ija ndi ndalama zimene sungapezenso, ndiye suziwononga koyambirira pamene adani onse ali ndi armor yodzaza, mfuti zozizira ndipo alibe china choyang'ana. Umadikira nkhondo igwirane. Sutulukira pamalo amodzi kawiri, chifukwa ulendo wachiwiri Gauss imakhala ikukudikira. Suthamanga molunjika kwa munthu kapena kumuthawa molunjika, umadutsa chopingasa. Usanalowe umadziwiratu potulukira. Ukaona mech imene ili ndi ma Streak pa kachithunzi ka zida zake umaisiya, si yako. Ndipo kumapeto kwa geimu, pamene aliyense armor yang'ambika, wina CT ili pofiira, wina watsala mwendo umodzi, Locust imene idakali yatsopano imasanduka chilombo, chifukwa 30 ija imene inali yosaoneka pa mphindi yachiwiri tsopano ikugwetsa mech pa kuombera kulikonse. Ma geimu anga abwino kwambiri theka la damage ndimalipeza mu mphindi zitatu zomaliza.

Sabata yatha ndinamunyengerera mnzanga uja kuti tisinthane, iye akwere LCT-1E ine nditenge Atlas, ma geimu asanu. Awiri oyamba anafa msanga, wachitatu pa Tourmaline Desert anazungulira kuseri kwa miyala yonyezimira ija n'kukapeza Annihilator ili yokha, ndinkangomumva pa Discord akupuma mwamphamvu akuizungulira mpaka inagwa. Ine mu Atlas ndinaphunziranso changa, geimu yachinayi ka Flea kanandidya msana ndikuyesa kutembenuka osakapeza, ndipo ndinakuwa kupempha thandizo kwa ma mech opepuka a timu yathu amene anali kutali kukagwira malo. Titamaliza anati, amwene ndavomera kuti kamagwira ntchito, koma mtima wanga sungapirire zimenezi tsiku lililonse, ndipo akadali kunena kuti pa anthu khumi okwera Locust asanu ndi atatu akungotaya mpando. Nambala imeneyo waipeka yekha, ndinamuuza, koma sindinalimbane nayo kwambiri. Tagwirizana kuti Loweruka tiyesa kulowa tonse awiri ndi ma Locust, wina kumanzere wina kumanja, tione ngati assault ingasankhe woti imutembenukire.